Tempranillo wa kumalo ozizira: mphesa yofulumira kupsa, vinyo wochedwa kukhwima

Mphesa ya Tempranillo ili ndi chofooka chimodzi chimene aliyense woilima amachidziwa. Imapsa msanga, ndipo ikayamba kupsa asidi wake amatsika mofulumira. Mukaibzala kumalo otentha, shuga amakwera nthawi isanakwane, kuwawasa kumatha, vinyo n'kutuluka wolemera m'kamwa koma wogona, wopanda chodzutsa lilime. Mukaibzala kumtunda, kapena kumene kumafika mphepo yozizira ya kunyanja, mphesa yomweyo imapereka vinyo amene angakhale m'botolo zaka 30 n'kumakomabe. Mbiri ya vinyo wofiira wa ku Rioja ndi ku Ribera del Duero, kumpoto kwa Spain, yagona pa kusiyana kumeneku, komanso pa mabanja angapo amene anali ndi mtima ndi ndalama zodikirira vinyo wotere kuti akhwime.

Ku Spain kokha mphesayi imalimidwa pa mahekitala pafupifupi 200,000, ndipo ndiyo mphesa yakuda yofala kwambiri m'dzikomo. Yambiri ili m'zigwa zotentha zapakati pa dziko ndipo imapanga vinyo wamba wotsika mtengo. Amene tikukamba pano ndi wa kumalo ozizira, ndipo kachitidwe kake n'kena.

Makolo a mphesa

Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti Tempranillo ndi m'bale wa Pinot Noir ya ku Burgundy m'dziko la France, yobwera ndi ansembe oyenda ulendo wachipembedzo wopita ku Santiago de Compostela. Nkhaniyo inkamveka bwino koma sinali yoona. Mu 2012 akatswiri a ku Logroño ndi ku Madrid anafalitsa zotsatira za kuyeza DNA, zimene zinasonyeza kuti Tempranillo inabadwa kwa mphesa ziwiri za ku Spain komweko: Albillo Mayor, yomwe ndi yoyera ndipo imalimidwabe ku Castilla y León, ndi Benedicto, yakuda, ya ku Aragón, yomwe inangotsala pang'ono kutheratu. Palibe amene anazikwatitsa mwadala. Mungu wa mpesa wina unagwera pa duwa la unzake, njere inamera, mlimi wina anaona kuti mbewuyo ndi yabwino n'kuyamba kudula nthambi zake kukabzala kwina.

Mfundo ya kudula nthambiyi ndi yofunika kuimvetsa. Mpesa sabzala njere, chifukwa njere iliyonse imatulutsa mtundu watsopano. Amabzala nthambi kapena kumezanitsa. Choncho mipesa yonse ya Tempranillo padziko lapansi ndi zidutswa za mbewu imodzi ija. Komabe pa zaka mazana ambiri timasinthidwe ting'onoting'ono timachitika m'maso a nthambi, ndipo alimi a dera lililonse amasankha zimene zikuwakomera. N'chifukwa chake mphesa imodzi ili ndi mayina ambiri ndiponso maonekedwe osiyanako: Tinto Fino kapena Tinta del País ku Ribera del Duero, Tinta de Toro ku Toro, Cencibel ku La Mancha, Ull de Llebre ku Catalonia, Tinta Roriz ku Douro m'dziko la Portugal ndi Aragonez kummwera kwa dzikolo. Nthawi zina kusinthako kumakhala kwakukulu. Mu 1988, m'munda wina ku Murillo de Río Leza m'dera la Rioja, nthambi imodzi ya mpesa wakuda inabala mapava oyera. Ndimo munachokera Tempranillo Blanco, imene inaloledwa ku Rioja mu 2007.

Chuma cha kusiyanasiyanaku chinatsala pang'ono kutayika. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 minda yambiri inabzalidwa mitundu yowerengeka yochokera ku nazale, yosankhidwa chifukwa chobala kwambiri ndi kusakhala ndi matenda. Mapava ake ndi aakulu, othinana, mphesa zake zazikulu, ndipo mphesa ikakula khungu lake limachepa poyerekeza ndi madzi. Utoto ndi khambi la vinyo zili m'khungu, ndiye vinyo amasukuluka. Nyumba ya vinyo ya Bodegas Roda, ya ku Haro m'dera la Rioja, inayendera minda yakale kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kutolera mitundu ya Tempranillo yopitirira 500 kuti isankhemo ya mapava aang'ono ndi omasuka. Banja limene linasunga munda wa agogo osauzula lili ndi chinthu chimene nazale sangagulitse.

Zimene kuzizira kumachita m'kati mwa mphesa

Mphesa ili ndi asidi wa mitundu iwiri ikuluikulu, tartaric ndi malic. Woyambayo satha msanga. Wachiwiriyo mpesa umamuwotcha ngati chakudya mphesa zikamapsa, ndipo kukatentha, makamaka usiku, umamuwotcha mofulumira. Usiku wozizira umachedwetsa ntchito imeneyi. Masana dzuwa limapanga shuga, usiku kuzizira kumasunga asidi, ndipo mphesa imatha kukhala pamtengo masabata ena owonjezera mpaka khungu ndi njere zitakhwima shuga asanapitirire muyezo. Mtundu nawo umadalira zomwezi: kutentha kukapitirira madigiri 35 mpesa umachepetsa kupanga utoto wa m'khungu, ndipo mphesa za kumalo ofunda usiku zimakhala zotuwa poyerekeza ndi za kumtunda.

Koma vuto lenileni la Tempranillo ndi potaziyamu. Mpesawu umayamwa potaziyamu wambiri m'nthaka n'kumuunjika m'khungu la mphesa. Madzi a mphesa akamawira pamodzi ndi makoko, potaziyamuyo amatuluka, amagwirana ndi asidi wa tartaric n'kukhala timiyala tomwe timagwera pansi pa thanki. Asidi wachoka, pH yakwera (pH ndi muyezo wa asidi: nambala yake ikakwera ndiye kuti asidi wachepa mphamvu). Kenaka mabakiteriya amasandutsa malic wotsala kukhala lactic, asidi wofatsa, ndipo pH imakweranso ndi 0.1 kapena 0.2. Madzi amene analowa m'thanki ali pa pH 3.5 akhoza kutuluka vinyo wa pH 3.7. Amene analowa ali kale pa 3.7 chifukwa cha kutentha amakafika pafupi ndi 4.0, ndipo pamenepo mavuto ayamba.

Chifukwa chake n'chakuti sulfite, mankhwala amene amateteza vinyo ku tizilombo, amagwira ntchito molingana ndi pH. Pa pH 3.4, magawo 2.5 pa 100 aliwonse a sulfite womasuka ndi amene ali m'mkhalidwe wopha tizilombo. Pa pH 3.8 ndi gawo limodzi lokha pa 100. Kuti wopanga vinyo afike pa mamiligalamu 0.5 pa lita a sulfite wogwira ntchitoyo, amafunika mamiligalamu pafupifupi 20 pa pH 3.4, koma pafupifupi 50 pa pH 3.8, ndipo muyezo wotere umayamba kumveka m'mphuno ndi kufufutsa mtundu. Akachepetsa, yisiti yolusa yotchedwa Brettanomyces imaswana m'migolo n'kubweretsa fungo la khola la ziweto lomwe limaphimba zipatso zonse. Vinyo wofuna kukhala zaka zambiri m'mgolo sangayambe ulendowo ndi pH yokwera. Apa ndi pamene kuzizira kwa munda kumasanduka nkhani ya ndalama.

Pali njira zothandizira. Ena amathira asidi wa tartaric m'madzi a mphesa asanawire, ndipo galamu imodzi pa lita imatsitsa pH ndi pafupifupi 0.1, ngakhale kuti potaziyamu akachuluka gawo lina la asidiyo limangogwera pansi. Vinyo wothiridwa asidi wambiri amazindikirika: kuwawasa kwake kumaima pakokha kumapeto, sikulowerera. Njira yakale ya ku Rioja ndi yabwinopo. Amasakaniza Tempranillo ndi mphesa zochedwa kupsa zimene zimasunga asidi, Graciano ndi Mazuelo, komanso Garnacha yowonjezera thupi m'zaka zozizira. Viña Tondonia wofiira, vinyo wa nyumba ya López de Heredia ku Haro, mwachitsanzo, amakhala ndi Tempranillo pafupifupi magawo 75 pa 100, Garnacha 15, otsalawo Graciano ndi Mazuelo. M'munda namonso muli chochita: kusathira fetereza wa potaziyamu wochuluka, ndi kusalola masamba kuthinana, popeza masamba okhala mumthunzi amatumiza potaziyamu wambiri ku zipatso.

Kuzizira kwa mitundu iwiri

Rioja yatambalala m'mbali mwa mtsinje wa Ebro, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka ku Haro kumadzulo kufika ku Alfaro kum'mawa. Kumadzulo, ku Rioja Alta ndi Rioja Alavesa, kuzizira kumachokera ku nyanja ya Atlantic. Mapiri a Sierra de Cantabria amatchinga mvula yambiri, koma mpweya wozizira umadutsa. Minda yambiri ili pakati pa mamita 400 ndi 700, pa dothi la dongo losakanikirana ndi laimu, lomwe limasunga chinyezi osadikha madzi. Kum'mawa, ku Rioja Oriental, n'kotsika, kotentha ndi kouma, ndipo kale kumeneko kunali kwa Garnacha. Kukolola kumayambira kum'mawa kumapeto kwa Ogasiti kapena kuchiyambi kwa Seputembala, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka minda yozizira ya kumadzulo itakololedwa m'kati mwa Okutobala. Dera limodzi, mphesa imodzi, koma kusiyana kwa mwezi ndi kupitirira.

Ku Ribera del Duero kuzizira n'kwa kumtunda. Minda yambiri ili pakati pa mamita 750 ndi 1,000, ndipo pa mamita 100 aliwonse amene munthu wakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 0.6. Masana a Julaye ndi Ogasiti, omwe kumeneko ndi chilimwe, amatentha kupitirira madigiri 30, koma dzuwa likangolowa kumazizira kwambiri, kusiyana kwa usana ndi usiku n'kufika madigiri 15 kapena 20. Dzuwa lamphamvu la kumtunda limakhuthalitsa khungu la mphesa. Ndiye vinyo wa ku Ribera amakhala wakuda kwambiri, wa khambi lochuluka, wa zipatso zakuda monga mapulamu ndi mabulosi, pamene wa ku Rioja Alta amakhala wofiira moyererako, wopepuka, wa fungo la matcheri ndi sitiroberi. Onse awiri ali ndi asidi, koma anamupeza m'njira zosiyana, ndipo amene amati Ribera ndi dera lozizira osafotokoza za masana ake amasokeretsa anthu.

Kunja kwa Spain ndi Portugal, amene anachita bwino ndi mphesayi ndi omwe anayamba afufuza nyengo asanagule malo. Earl ndi Hilda Jones anabzala Tempranillo mu 1995 ku Abacela, m'chigwa cha Umpqua ku Oregon m'dziko la America, atafunafuna malo a chilimwe chachifupi ndi usiku wozizira. Ku Australia imalimidwa m'madera okwera monga Canberra District ndi Adelaide Hills. Ku South Africa imadziwika kwambiri ndi dzina la Tinta Roriz ndipo ina imalowa mu vinyo wotsekemera wa ku Calitzdorp.

Mtengo wa kuzizira

Malo ozizira ali ndi msonkho wake, ndipo woyamba ndi chisanu. Mphukira zanthete za mpesa zimapserera kutentha kukatsika kufika pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro. Usiku wa pa 27 kuchezera pa 28 Epulo 2017 chisanu chinagwa pa Rioja Alta, mbali ya Alavesa ndi Ribera del Duero, mipesa itaphuka kale chifukwa nyengo inali itafunda msanga, ndipo alimi ambiri anataya gawo lalikulu la zokolola za chakacho usiku umodzi. Mpesa umaphukanso kuchokera m'maso achiwiri, koma mapava ake amakhala ochepa ndipo sapsa nthawi imodzi ndi amene anapulumuka. Zikatero okolola ayenera kudutsa m'munda kawiri, apo ayi m'thanki mulowa zopsa ndi zosapsa pamodzi.

Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukadikha m'zidikha. Choncho munda wabwino uli pachitunda kapena pamalo otsetsereka, osati pansi pa chigwa. Alimi ena amachedwetsa kudulira mpaka Malichi kapena kupitirira, zomwe zimachedwetsa kuphuka ndi masiku angapo, nthawi zina sabata ndi theka. Ena amaika makina okupiza mphepo kuti asakanize mpweya wofunda wam'mwamba ndi wozizira wapansi, koma makinawa sathandiza ngati kuzizira kwabwera ndi mphepo kuchokera kutali.

Wachiwiri ndi mvula ya kumapeto. Mphesa zikachedwa kupsa zimakumana ndi mvula ya Okutobala, ndipo mapava othinana a Tempranillo amayamba kuwola kuchokera m'kati. Chaka cha 2013 chinali chotere ku Rioja: chozizira, chamvula, chochedwa. Mlimi amaima pamphambano. Akakolola msanga, njere zikadali zobiriwira ndipo khambi lake ndi lija la nthochi yosapsa, lomanga m'kamwa, lomwe silifewa ngakhale vinyo akhale zaka khumi. Akadikira, chuku chilowa. Amene amapulumuka ndi omwe anachepetsa katundu wa mpesa nthawi ikadalipo. Amathothola masamba a mbali yotulukira dzuwa kuti mame aume msanga, n'kusiya a mbali yolowera dzuwa kuti mphesa zisapse ndi dzuwa la masana. Mphesa zikayamba kusintha mtundu amadula mapava otsalira m'mbuyo n'kuwataya pansi. Malamulo a ku Rioja amalola makilogalamu 6,500 a mphesa zakuda pa hekitala, a ku Ribera 7,000, koma mipesa yakale yoima yokha ngati tchire, yopanda waya, kawirikawiri sifika ngakhale pamenepo. Gulu la vinyo lotchedwa Viñedo Singular, lomwe Rioja inakhazikitsa mu 2017, limafuna mipesa ya zaka zosachepera 35, kukolola ndi manja, ndi makilogalamu osapitirira 5,000.

Pali chuku china choyera ngati ufa chimene Tempranillo imagwidwa nacho mosavuta, ndipo amachiletsa pothira sulufule kuyambira mphukira zikadali zazifupi. Nthambi zake zanthete zimathyokanso ndi mphepo.

Tsiku lokolola salisankha ndi makina oyezera shuga okha. Shuga wa magalamu pafupifupi 17 pa lita amapereka gawo limodzi pa 100 la mowa, ndiye wofuna vinyo wa 13.5 amayang'ana magalamu pafupifupi 230. Koma wodziwa ntchito amatafuna khungu ndi njere. Njere yokhwima ndi yofiirira, imaswekera m'mano, siwawa kwambiri. Kumalo ozizira shuga ndi njere zimafika pamodzi. Kumalo otentha shuga amatsogola, ndipo pofika nthawi imene njere zakhwima vinyo ali kale pa 15.

Mabanja a pa siteshoni ya Haro

Alimi a ku Rioja Alavesa ankapanga vinyo wawo poponya mapava athunthu m'dzenje lamiyala, kuwasiya awire, kenaka n'kuwaponda ndi mapazi. Vinyo wotere, amene akupangidwabe mpaka lero, ndi wonunkhira zipatso koma amafuna kumwedwa chaka chisanathe. Luso losunga vinyo m'migolo ya mtengo wa oak linachokera ku Bordeaux m'dziko la France. Wansembe wina wa ku Labastida, Manuel Quintano, analiyesa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, koma silinakhazikike. Linabweranso ndi Luciano de Murrieta mu 1852 ndi Marqués de Riscal ku Elciego mu 1858, ndipo mu 1862 boma la chigawo cha Álava linalemba ntchito katswiri wa ku Médoc m'dera la Bordeaux, Jean Pineau, kuti aphunzitse alimi.

Zinthu ziwiri zinasandutsa lusoli kukhala malonda. Njanji yopita ku doko la Bilbao inafika ku Haro mu 1863, ndipo m'zaka zomwezo kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanayamba kupululutsa minda ya ku France. Amalonda a ku France anatsikira ku Rioja kudzagula vinyo. Pafupi ndi siteshoni ya Haro panamangidwa nyumba za vinyo motsatizana: R. López de Heredia mu 1877, CVNE ya abale a Real de Asúa mu 1879, La Rioja Alta ya mabanja asanu mu 1890. Banja la Muga linayamba mu 1932, kwa Isaac Muga ndi Aurora Caño, n'kudzasamukira pa siteshonipo pambuyo pake. Kachilombo kaja kanafika ku Rioja mu 1899, minda inafa, ndipo anaibzalanso pomezanitsa Tempranillo pa zitsa za mipesa ya ku America zomwe kachilomboko sikazipha. Munda wa Tondonia wa López de Heredia, m'gondo la mtsinje wa Ebro, unabzalidwa mu 1913 ndi 1914. Pa dothi la laimu wambiri chitsa chosankhidwa molakwika chimachititsa masamba chikasu chifukwa mpesa umalephera kuyamwa ayironi, n'chifukwa chake zitsa monga 41B zimakondedwa m'malo otere.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhani ya banja ili yofunika pa kakomedwe ka vinyo, osati pa chizindikiro cha pabotolo chabe? Tiyeni tiwerengetse. Mgolo wa ku Rioja umalowa malita 225, omwe ndi mabotolo 300. Nyumba yofuna kugulitsa mabotolo 100,000 pachaka imafunika migolo yopitirira 330 pa zokolola za chaka chimodzi. Ngati vinyoyo akhala m'mgolo zaka zisanu ndi chimodzi, monga amachitira Viña Tondonia Reserva, ndiye kuti nthawi iliyonse pansi pa nyumbayo pali migolo pafupifupi 2,000 yodzaza, osawerengera mabotolo amene akugona zaka zina zingapo. Mphesa zinalipiridwa kale, antchito akulipidwa mwezi ndi mwezi, ndipo vinyo wina akuuma kudzera m'thabwa chaka chilichonse. López de Heredia amatulutsa Reserva wake patapita zaka zopitirira khumi chikololereni. Vega Sicilia ya ku Ribera, yomwe Eloy Lecanda anaiyambitsa mu 1864 ndipo banja la Álvarez linaigula mu 1982, imasunga vinyo wake wotchedwa Único zaka pafupifupi khumi. Kampani yofunika kuonetsa phindu chaka ndi chaka singapirire zotere. Banja limene migolo ndi zipinda zapansi linazilandira kwa agogo, zopanda ngongole, lingathe. Vinyo amene mdzukulu akugulitsa lero anathiridwa m'mgolo bambo ake akuyendetsa ntchito.

Luso la manja nalo limayenda m'banja. López de Heredia ndi Muga ali ndi amisiri awoawo okhoma ndi kukonza migolo. Kawiri pachaka, m'nyumba zotsata mwambo, vinyo amatsanulidwa kuchoka m'mgolo wina kupita m'wina, munthu akuyang'ana ndi kuwala kwa kandulo kapena tochi kuti atseke nsenga zikangoyamba kutuluka. Mgolo wotsala umatsukidwa n'kufukizidwa sulufule. Kutsanulaku kumayeretsa vinyo ndi kumupatsa mpweya pang'ono, umene umafewetsa khambi. Kukachuluka vinyo amakalamba msanga n'kuyamba kununkha viniga. Kukachepa amanunkha mazira owola chifukwa chosowa mpweya. Asanamuike m'botolo amamenya zoyera za mazira, awiri kapena atatu pa mgolo, n'kuthiramo. Zimagwira khambi lokhakhala n'kumira nalo pansi.

Thabwa la mgolo limasintha fungo. Mwambo wa ku Rioja ndi oak wa ku America, amene amapereka fungo la vanila ndi kokonati. Wa ku France ndi wofatsa, wa fungo la zokometsera, ndipo ndi wodula chifukwa amachita kuwaza potsata mitsempha ya mtengo m'malo mocheka, zomwe zimataya thabwa lambiri. Tempranillo payokha ilibe fungo laukali, choncho imatengera msanga fungo la thabwa. Mgolo watsopano pa vinyo wopepuka wa chaka chozizira umamumiza. Nyumba zakale zimagwiritsa ntchito migolo yakale kwambiri, imene inatha kale fungo ndipo yatsala ndi ntchito yongopumitsa vinyo. M'zaka za m'ma 1990 kunabuka kachitidwe ka vinyo wakuda bii, wa migolo yatsopano ya ku France, wa mowa wokwera. Ena mwa mavinyo amenewo anali abwino, koma ambiri anataya chinthu chokhacho chimene malo ozizira amapatsa mphesayi.

Tisanamizane, sikuti dzina lakale lililonse likadali m'manja mwa ana a woyambitsa, ndipo sikuti banja limapanga vinyo wabwino nthawi zonse. Migolo yakale yosasamalidwa ndi nyumba ya Brettanomyces. Alejandro Fernández, amene anayambitsa nyumba ya vinyo ya Pesquera mu 1972 ndipo anathandiza kuti Ribera del Duero ivomerezedwe ngati dera la vinyo mu 1982, sanalandire nyumba ya vinyo kwa makolo, anali wokonza ndi kupanga makina aulimi.

Kuwerenga botolo ndi kulisamala

Ku Rioja mawu atatu a pabotolo ali ndi lamulo kumbuyo kwake. Crianza wofiira amakhala zaka ziwiri, chimodzi mwa izo m'mgolo. Reserva zaka zitatu, chosachepera chimodzi m'mgolo ndi miyezi isanu ndi umodzi m'botolo. Gran Reserva zaka zisanu, zosachepera ziwiri m'mgolo ndi ziwiri m'botolo. Kachidindo ka kumbuyo kwa botolo kamasonyeza ndi mtundu: kobiriwira ndi vinyo wosatchulidwa msinkhu, kofiira Crianza, kofiirira Reserva, kabuluu Gran Reserva. Mawuwa amanena za nthawi, sanena za munda. Kuti mudziwe ngati vinyo ndi wa kumalo ozizira, yang'anani dzina la dera kapena mudzi, monga Haro, Labastida, Laguardia, San Vicente de la Sonsierra, kapena mbali ya Soria ku Ribera, ndiponso mphamvu ya mowa. Wa 13 kapena 13.5 kawirikawiri amachokera kozizira kuposa wa 15. Bungwe loyang'anira vinyo wa Rioja limapereka chigamulo pa chaka chilichonse, ndipo 2001, 2004, 2005, 2010, 2011 ndi 2019 zinalandira chapamwamba kwambiri.

Akadali wamng'ono, Tempranillo wotere amanunkhira matcheri ndi sitiroberi, amawawasa mokoma, khambi lake ndi losalala. Akakula mtundu umatembenukira ku njerwa m'mphepete mwa tambula, zipatso zimamveka ngati zouma, ndipo pamabwera fungo la fodya wochizidwa bwino, chikopa ndi masamba ouma. Thupi lake silikula ndi zaka, limapepuka, ndipo wozolowera vinyo wotsekemera kapena wolemera akhoza kumuona ngati wowonda pa kumwa koyamba. Vinyoyu anapangidwira chakudya. Ku Rioja amamwera nthiti za mwana wa nkhosa zowotcha pa moto wa nthambi za mpesa, ku Aranda de Duero mwana wa nkhosa wophika mu uvuni wa nkhuni. Kuno kwathu nyama ya mbuzi yowotcha imagwira ntchito yomweyo, asidi ndi khambi zimadula mafuta. Tsabola wa kambuzi wambiri ndiye ayi, amakuza ukali wa mowa ndi kuwawa.

Mdani wamkulu wa botolo lotere m'dziko lotentha ndi kasungidwe. Vinyo amafuna madigiri 12 mpaka 15, mumdima, botolo litagona kuti chotsekera chisaume. Botolo loima miyezi pa shelefu ya sitolo yotentha limapsa: zipatso zimamveka ngati zophika, kuwawasa kumaima pakokha. Musanagule onani ngati chotsekera chatukuka kupitirira mlomo wa botolo, ngati pali mzere womata wa vinyo wodontha pansi pa chikuto, kapena ngati vinyo watsika m'khosi kuposa anzake. Fungo la katoni yonyowa ndi vuto lina, lochokera m'chotsekera chenichenicho, ndipo silichoka ngakhale mudikire.

Pomwa, vinyoyu akhale pa madigiri 16 mpaka 18. M'nyengo yotentha ya Okutobala zikutanthauza kuika botolo mufiriji kwa mphindi 30 kapena 40 musanatsegule, ndi kuthira pang'onopang'ono chifukwa m'tambula amafunda msanga. Crianza ndi Reserva wamng'ono amapindula mukamutsanulira m'jagi yagalasi ola limodzi musanamwe. Gran Reserva wa zaka 20 kapena kupitirira muimike tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhazikike pansi, mutsegule mofatsa chifukwa chotsekera chakale chimanyenyeka, ndipo mutsanule nthawi yomwe mukufuna kumwa, kusiya chala chimodzi cha vinyo wa nsenga m'botolo.